Njinga ikamazima panjira: makalata a omvera okhudza petulo

WOWULUTSA: Makalata a lero achokera kwa anthu oyenda misewu ya fumbi ndi matope pa njinga zamoto, ndipo onse akudandaula za injini yozimazima. Oyankha ndi a makaniko athu a masiku onse.



Kalata yoyamba yachokera kwa mayi wina wogwira ntchito ya zaumoyo ku Neno. Akuti: "Ndimayendera Yamaha AG200. M'mawa imalira bwinobwino, koma ndikayenda kamtunda ndithu imayamba kutsamwa, kenako imazima. Ndikadikira pang'ono imaliranso. Mapulagi ndasintha, sizikuthandiza. Ena akuti ndigule kabuleta yatsopano."

MAKANIKO: Mayi, ndalama ya kabuleta ija muisunge kaye. Njinga yanuyo ilibe pampu. Petulo amatsika yekha kuchoka m'thanki, kudutsa pa kampopi ndi paipi, mpaka mu kabuleta. Kuti atsike, mpweya umayenera kulowa m'thanki kudzera pa kabowo kakang'ono ka pa chivundikiro. Mukazondotsa chigubu cha madzi chokhala ndi kamwa imodzi, madzi amatuluka modukizadukiza chifukwa mpweya ukusowa polowera. Thanki nayo imatero. Fumbi la misewu ya ku Neno likamata kabowo kaja, petulo amayamba kutsika pang'onopang'ono mpaka kuleka. Injini ya 196cc ngati yanuyo simwa kwambiri, n'chifukwa chake mumayamba mwayenda ndithu vuto lisanaoneke.

Ikadzazimanso, musadikire. Tsegulani chivundikiro pomwepo, khutu lili pafupi. Mukamva kuti "fyuu", mpweya ukuthamangira m'kati, ndiye njinga n'kulira nthawi yomweyo, vuto mwalipeza. Tsukani chivundikirocho ndi petulo, kabowo katseguke.

WOWULUTSA: Nanga akatsegula koma osamva kanthu?

MAKANIKO: Atsatire njira ya petulo kuyambira kumwamba, asadumphe. Atseke kampopi, azule paipi pamene yalowera mu kabuleta, ailoze m'botolo loonekera m'kati, atsegule pa ON. Petulo azituluka mosalekeza. Akamangodontha, atembenuze pa RES. Akatuluka bwino pamenepo, mwina mafuta ndi ochepa m'thanki kapena kapaipi ka ON katsekeka. Akamadontha konsekonse, amasule kampopi. M'kati mwake muli kasefa kamene kamadzaza dzimbiri ndi zinyalala za m'thanki. Koma petulo akamayenda bwino ndithu, asiye za mafuta ayang'ane moto, poti koyilo yotopa nayo imaleka kugwira ntchito ikatentha, ikazizira n'kuyambanso. Angosamala kuti poyesa moto wa pulagi botolo la petulo likhale kutali.

WOWULUTSA: Yachiwiri ndi ya mnyamata wa kabaza ku Ntchisi. Akuti kwawo malo omwetsera mafuta ali kutali, ndiye amagula petulo wa m'mabotolo m'mbali mwa msewu. Chiyambireni mvula, njinga imaphulikaphulika, ndipo akawonjezera moto pachitunda imafuna kuzima.

MAKANIKO: Achimwene, amenewo ndi madzi. Madzi amalemera kuposa petulo, ndiye amakakhala pansi penipeni pa kambale ka kabuleta, pomwe jeti yaikulu imayamwira mafuta. Njinga ikamalira chiimire imangosetekako pang'ono, koma mukaipatsa moto imakoka madzi aja n'kutsamwa. Pansi pa kambaleko pali sikuluu yokhetsera. Tsekani kampopi, tcherani kabotolo, masulani sikuluuyo. Mukadikira pang'ono mudzaona timadontho tamadzi titakhazikika pansi pa petulo. Tsegulani kampopi pa RES kuti za pansi pa thanki zitulukenso, mpaka petulo atayera.

Pali chinanso chimene ambiri sachiganizira. Petulo wa kuno kwathu amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe za ku Dwangwa ndi ku Chikwawa, ndipo kusakanizaku kunayamba kale mu 1982. Petulo ameneyu ndi wabwino, amayaka bwino. Kungoti ethanol amayamwa chinyontho. Akakhala nthawi yaitali m'chigubu chosatsekedwa bwino nyengo ya dzinja ino, madzi amachuluka mpaka kupatukana ndi petulo n'kutsikira pansi pamodzi ndi ethanol uja. Amene wagula botolo lomaliza la m'chigubu ndiye walandira zonsezo.

WOWULUTSA: Ndiye tiwauze kuti asiye kugula wa m'mabotolo?

MAKANIKO: Ndikanakonda zikanatheka, koma munthu wa kumudzi ali ndi makasitomala pamsana, sangakankhe njinga mpaka pa boma. Chimene ndingapemphe n'chakuti azilikweza botolo aliyang'ane padzuwa asanathire. Petulo akhale woyera, osati wachifunga. Wotsalira pansi pa botolo asamathire. Nsalu yoyera pakamwa pa thanki imagwira mchenga, koma asanamizidwe kuti imagwiranso madzi. Aikenso kasefa kapulasitiki pa paipi, kamuvi kake kaloze ku kabuleta. Ndipo njinga ikamavuta kulira m'mawa, ikamafuka utsi ndi kugogoda, akayikire kuti muli parafini, akhuthule thanki yonse. Parafini amapha injini.

WOWULUTSA: Apa pali bambo oyang'anira esiteti ku Kasungu. Ali ndi njinga ya matayala anayi, ija amati quad. Inaima miyezi ingapo. Tsopano imalira choki ikakhala yokoka, akangoibweza imazima.

MAKANIKO: Bambo, injini yofuna choki nthawi zonse ikukuuzani kuti mafuta akuchepa, mpweya ukuchuluka. Petulo akakhala miyezi mu kabuleta amauluka n'kusiya phula lomata. Loyamba kutsekeka ndi bowo la jeti yaing'ono, imene imadyetsa injini ikamalira pang'onopang'ono, chifukwa bowo lake n'laling'ono zedi. Chotsani kambale, masulani majeti onse awiri ndi sikuludiraiva yokwana bwino, popeza ndi a chitsulo chofewa ndipo mitu yake imadyeka msanga. Anyikeni m'mankhwala otsukira kabuleta, muwapope ndi mpweya, kenako muwayang'ane powala. Muzitha kuona kuwala kobulungira kudzera pabowo.

Pano ndipemphe ndi mtima wonse: singano kapena waya wachitsulo asayandikire jeti. Zimandiwawa kuona kabuleta yabwinobwino itaonongeka chifukwa wina anakulitsa bowo potokosa. Ikatero njinga imamwa mafuta ngati yaboola thanki, ndipo palibe kukonza koposa kugula jeti ina. Ngati pafunika kutokosa, kaubweya kamodzi ka bulashi yapulasitiki n'kokwanira.

Mukamabwezera, muyang'ane labala wolumikiza kabuleta ndi injini. Akang'aluka amalowetsa mpweya, ndipo zizindikiro zake n'zomwezi. Ma quad ena alinso ndi kapampu kapena kampopi koyendera mpweya wokokedwa ndi injini. Kapaipi kake kakauma n'kusweka, petulo safika ngakhale thanki itadzaza. Tsiku lina mukamaiimika nthawi yaitali, mutseke kampopi ndi kukhetsa kambale.

WOWULUTSA: Uthenga wa pafoni uwu ndi waufupi. Akuti petulo akudontha pa kapaipi ka pansi pa kabuleta, ndipo pulagi ndi yakuda bii.

MAKANIKO: Ameneyu vuto lake ndi mafuta ochuluka. Kansonga kamene fuloti ya m'kambale imakankha kuti katseke petulo kakanirira, mwina ndi kamchenga. Agogode kambale pang'ono ndi chigwiriro cha sikuludiraiva. Kukapanda kuleka, kansongako kadyeka kapena fuloti yabooka, asinthe. Aone sefa ya mpweya, chifukwa ikadzaza fumbi pulagi imadanso. Anunkhizenso oyilo. Akamva fungo la petulo, asailize asanasinthe oyiloyo, ndipo usiku uliwonse azitseka kampopi, makamaka ngati njinga imagona m'nyumba momwe muli mbaula.

WOWULUTSA: Tisanatseke, ena ali ndi njinga zatsopano zopanda kabuleta.

MAKANIKO: Iwowo akatembenuza kiyi amvetsere kulira kwa pampu kwa masekondi awiri kapena atatu. Kukakhala zii, ayambire pa fuzi ndi batire. Ndipo kaya njinga ndi yamtundu wanji, petulo sapopa ndi pakamwa, amaononga mapapo. Ntchito yonseyi muzigwirira panja, masana, popanda koloboyi kapena ndudu pafupi.

WOWULUTSA: Inu omvera, mukamatilembera muzitiuza mtundu wa njinga, nthawi imene imazima, ndi kumene munagula petulo womaliza. Tidzakumananso sabata yamawa nthawi ngati yomweyi.