Musanagule marimu atsopano, yambani mwaufunsa msewu wa kwa Chimaliro

Mlamu wanga atalandira Sienta yake kuchokera ku Japan, sabata isanathe anali atapita nayo ku Limbe kukaiveka marimu onyezimira a saizi 17. Pa Goliati anyamata a kabaza ankaima n'kumaizungulira, mwini wake mano ali mbee. Mvula itagwa, tsiku lina akutsika kamtsetse ka pakati pa minda ya tiyi, gudumu lakutsogolo linagwera m'dzenje lobisika ndi madzi ofiira a katondo. Rimu inang'aluka m'mlomo, mpweya wonse phwii. Marimu achitsulo amene anabwera ndi galimotoyo anali atagulitsa kale.

Sindikuletsa munthu kukongoletsa galimoto yake. Koma kuno kwathu phula ndi lochepa, ndipo ukangopatuka pamsewu waukulu umakumana ndi miyala, mikwasa ya mathirakitala ndi matope oterera. Ndiye posankha, tsatani izi.

Yambani ndi kutsegula chitseko cha dalaivala. Pamsanamira pake pali kapepala komata kolembedwa m'Chijapani, koma manambala ake amawerengeka. Pa Sienta yakale mupeza 175/70R14. Nambala ya 175 ndi kufutukuka kwa tayala m'mamilimita. Nambala ya 70 ikutanthauza kuti khoma la m'mbali la tayala ndi magawo 70 pa 100 a kufutukukako, kutanthauza mamilimita 122.5. Nambala ya 14 ndi saizi ya rimu m'mainchi, ndipo inchi imodzi ndi mamilimita 25.4. Kuti mupeze msinkhu wa gudumu lonse, chulukitsani 14 ndi 25.4, muwonjezere makoma awiri: 355.6 kuphatikiza 245, zikukwana mamilimita 601. Lembani nambala imeneyi pakapepala, mupite nayo kogula.

Gudumu latsopano lisasiyane ndi msinkhu umenewu kuposa magawo 3 pa 100. N'chifukwa chake rimu ikakula, khoma la tayala limafupika. Tayala la 185/60R15 limakwana mamilimita 603, khoma lake 111. La 195/50R16 limakwana 601, khoma 97.5. La 205/40R17, limene mlamu wanga anagula, khoma lake ndi mamilimita 82 basi. Khoma limeneli ndilo limameza dzenje. Likachepa, dzenje limafika pa rimu, ndipo zotsalazo amamva ndi mashoko ndi msana wanu. Ine pa misewu ya kuno sindingapitirire saizi 15 pa galimoto yaing'ono ngati iyi. Ndipotu amene amayenda kwambiri kumidzi angachite bwino kusiya rimu ya 14 yomweyo, n'kuika 185/70R14. Msinkhu wake ndi mamilimita 615, galimoto imakwera ndi mamilimita 7, mimba yake siikhula pansi pafupipafupi. Mungodziwa kuti liwiro likamaonetsa 80 ndiye kuti mukuthamanga pafupifupi 82, musadzakangane ndi apolisi apamsewu pachabe.

Mukathana ndi tayala, werengani mabowo a rimu, koma kuwerenga kokha sikukwanira. Mabowo anayi a Vitz, Probox ndi Sienta yakale ali pa mzere wozungulira wa mamilimita 100, umene amaulemba PCD 4x100. Magalimoto ena alinso ndi mabowo anayi, koma a 114.3, ndiye marimu ake sangalowe. Sienta imene inatuluka mu 2015 ili ndi mabowo asanu, 5x100, pomwe Hilux zambiri zili ndi 6x139.7. Pa rimu ya mabowo anayi mungathe kuyeza nokha ndi tepi, kuchokera pakati pa bowo kufika pakati pa bowo loyang'anizana nalo. Wogulitsa akati "ilowa, tingokuzako mabowo pang'ono," tengani ndalama zanu muzipita.

Bowo lapakati nalonso lili ndi saizi yake: 54.1 pa Toyota zing'onozing'ono, 56.1 pa Honda Fit, 60.1 pa Nissan Note. Likachepa, rimu siikhala. Likakula, funsani timphete todzazira mpatawo, kupanda apo chiwongolero chingamanjenjemere mukafika pa phula la ku Luchenza.

Tsopano nkhani imene ambiri amailumpha, ya offset. Tembenuzani rimu, mupukute fumbi kuseri kwake. Mupeza zilembo zosindikizidwa monga 15x5.5J ET39. Nambala ya 5.5 ndi kufutukuka kwa rimu m'mainchi. ET39 ikutanthauza kuti nkhope imene imagunda pomangira gudumu ili mamilimita 39 kuchokera pakatikati pa rimu kuloza kunja. Nambalayi ikakula, gudumu limalowa mkati kufupi ndi shoko. Ikachepa, limatuluka kunja.

Tiyerekeze kuti rimu yanu ndi 5.5J ET39 ndipo mwakopeka ndi 7J ET35. Yatsopanoyi yafutukuka ndi inchi imodzi ndi theka, mamilimita 38, ndiye mbali iliyonse yawonjezera 19. Offset yatsika ndi 4, kutanthauza kuti gudumu lasunthira kunja ndi mamilimita 4. Kunja mlomo wa rimu utuluka ndi 19 kuphatikiza 4, mamilimita 23. Mkati uyandikira shoko ndi 19 kuchotsa 4, mamilimita 15. Musanalipire, pitani pagalimoto yanu ndi rula, muone ngati mipata iwiri imeneyi ilipo. Nthawi zambiri mupeza kuti palibe. Kusiyana kwa offset kwa mamilimita 5 kapena pochepera sikuvuta kawirikawiri, bola rimu isafutukuke kwambiri.

Gudumu lotuluka kunja kwa madigadi limaoneka lamphamvu, inde, koma limalemetsa mabering'i, limachititsa chiwongolero kukubwezerani dzenje lililonse m'manja, ndipo limamwaza matope pazitseko. Limawazanso matope amayi othyola tiyi amene akuyenda m'mbali mwa msewu m'mawa, madengu ali kumsana. Tayala lofutukuka kwambiri pa katondo wonyowa limangoseseleka pamwamba ngati sopo. Tizitsulo toika kuseri kwa rimu kuti ituluke, makamaka totchipa tija, tisiyeni: timachepetsa mazinga amene nati imagwira.

Onaninso nambala yotsatira saizi ya tayala, monga 84S. Nambala ya 84 ikutanthauza kuti tayala limodzi limanyamula makilogalamu 500, pomwe 88 ndi 560. Musatsike pa nambala ya pakapepala ka pachitseko paja. Tonse tikudziwa mmene Sienta za kuno zimadzadzira, anthu, matumba a chimanga, mikoko ya nthochi. Probox imafuna matayala olembedwa LT, onyamula katundu. Kuiveka a galimoto wamba ndi kuitanira chotupa m'mbali mwa tayala.

Ngati mukugula a kaunjika, fufuzani manambala anayi a tsiku lopangira: 2319 ndi sabata ya 23 m'chaka cha 2019. Loposa zaka zisanu ndi chimodzi, ngakhale mapanga ake akuoneka akuya, lipindeni ndi dzanja muone ming'alu. Lolembedwa studless analipangira nyengo yachisanu ya ku Japan. Mphira wake ndi wofewa, paphula lotentha la mu Okutobala amatha msanga, ndipo buleki siigwira bwino pamsewu wonyowa.

Musalipire seti yonse musanayese gudumu limodzi kutsogolo. Galimoto ili pajeke, lizungulitseni ndi dzanja, mumve ngati likukhula buleki. Itsitseni, mupotoze chiwongolero mpaka mapeto mbali zonse ziwiri, mulowetse dzanja kuseri: pakati pa tayala ndi shoko pazilowa chala momasuka, poti matope a kuno amamatirira n'kuuma momwemo. Kenako liikeni kumbuyo, mukweze anthu atatu pampando wakumbuyo, mudutse pa hampu. Mukamva kukwecha, saizi imeneyo si yanu.

Pomanga, yang'anani manati. Marimu a aluminiyamu ochokera kufakitale ya Toyota amamangidwa ndi manati okhala ndi washala wafulati, pomwe ogula padera ambiri amafuna manati osongoka. Mazinga nawonso amasiyana, a Toyota ndi M12x1.5, a Nissan ndi M12x1.25. Mangani modumphadumpha, osati motsatana, ndipo musalole mnyamata wapagalaja kudumphira pa sipanala ndi mwendo. Chititsani balansi ndi alayimenti tsiku lomwelo muli m'tauni. Mukayenda makilomita 50 mpaka 100, bwerezani kumanga manati onse. Marimu achitsulo akale aja musagulitse. Asungeni m'nyumba pouma, ndipo imodzi yokhala ndi tayala labwino iziyenda nanu m'buti nyengo yonse ya dzinja.