Phunziro la Sabata Ino: Kodi Chikhulupiriro Chimadana ndi Nzeru?



M'mabanja ambiri a m'parishi yathu ino muli anthu awiri amene amatidetsa nkhawa. Woyamba ndi mwana amene adakulira m'tchalitchi muno, ankatumikira pa Misa, koma atabwerako ku koleji akuti, "Amayi, za Mulungu n'za anthu osafuna kuganiza." Wachiwiri ndi azakhali kapena alamu amene asiya kumwa mankhwala a shuga, a BP kapena ma ARV chifukwa wina wawauza kumapemphero kuti kupitiriza kumwa n'kuchepa chikhulupiriro. Awiriwa amaoneka osiyana, koma agwirizana pamfundo imodzi: onse akuganiza kuti munthu ayenera kusankhapo chimodzi, nzeru kapena chikhulupiriro. Mpingo suphunzitsa zimenezo.

Zimene Mpingo umaphunzitsa

M'chaka cha 1870, maepiskopi amene adasonkhana pa Msonkhano Woyamba wa ku Vatican adafotokoza mfundo ziwiri. Yoyamba ndi yakuti munthu angathe kudziwa kuti Mulungu alipo pogwiritsa ntchito nzeru zake zachibadwa, poona zinthu zolengedwa. Ganizo lomweli lili m'kalata ya Paulo Woyera kwa Aroma (1:19-20). Yachiwiri ndi yakuti chikhulupiriro ndi nzeru sizingatsutsane kwenikweni, popeza Mulungu amene amatiululira zinsinsi zake ndi yemweyo amene adatipatsa mutu woganiza. Papa John Paul II, yemwe uja adatiyendera kuno ku Malawi mu 1989, adalemba kalata yonse pankhani imeneyi mu 1998, yotchedwa Fides et Ratio. M'menemo adayerekeza ziwirizi ndi mapiko a mbalame. N'chifukwa chakenso aliyense wofuna unsembe amayamba waphunzira filosofi, luso la kuganiza molongosoka, asanayambe maphunziro a zaumulungu. Ansembe athu ambiri adaphunzira zimenezi ku Kachebere, m'boma la Mchinji.

Kumene nzeru zimafika

Thomas Aquinas Woyera, wansembe wa chipani cha Dominican amene adamwalira mu 1274, adasonyeza njira zisanu zimene nzeru zingalondole mpaka kufika kwa Mulungu. Tiyeni tione imodzi mwa chitsanzo cha kwathu. Mwabwereka khasu kwa anansi anu. Iwonso akuti adabwereka kwa ena, enawonso kwa ena. Ngakhale mzere wa obwereka utalike chotani, khasulo liyenera kukhala ndi mwini wake, apo ayi sipakadakhala chobwerekana. Moyo wathu ndi chimodzimodzi. Palibe mwa ife adadzipatsa yekha. Makolo athu adaulandira, dziko ndi dzuwa nazonso sizidadzipange. Nzeru zimafunsa kuti, nanga mwini wake ndani, amene kukhalapo kwake sadabwereke kwa wina? Ameneyo ndiye timamutchula Mulungu.

Komabe nzeru zili ndi polekezera. Zingatiuze kuti Mlengi alipo, koma pazokha sizingatulukire kuti Iye ndi Atate, Mwana ndi Mzimu Woyera, kapena kuti Yesu ali nafe mu Ukaristia. Izi timazidziwa chifukwa Mulungu adatiuza. Apa tisiyanitse chinthu chopitirira nzeru ndi chinthu chotsutsana ndi nzeru. Wina akanena kuti itatu ndi imodzi n'zofanana, akutsutsana ndi nzeru. Ife sitinena zimenezo. Chimene chili chimodzi ndi umulungu, ndipo amene ali atatu ndi Atate, Mwana ndi Mzimu Woyera. Sitingachimvetse mpaka pansi, monganso chidebe sichingamalize nyanja ya Malawi, koma madzi amene tatungawo ndi a m'nyanjamo ndithu.

Kukhulupirira mawu a wina si uchitsiru. Tsiku lanu lobadwa simulikumbukira, mudauzidwa ndi amayi anu. Mukalandira mankhwala kuchipatala simuyamba mwawayeza nokha. Funso lanzeru ndi lakuti, amene akundiuzayu ndi wodalirika? Atumwi adachitira umboni kuti adamuona Yesu atauka, ndipo adalola kumenyedwa ndi kutsekeredwa m'ndende, ena mpaka kuphedwa, osabweza mawu awo. Umboni wotere tingauunike ndi nzeru zathu.

Nanga sayansi?

Mwana wathu uja akanena kuti sayansi idathetsa za Mulungu, timukumbutse anthu awiri. Gregor Mendel, amene adatulukira malamulo a momwe ana amatengera makolo awo poyesa mbewu za nsawawa, adali wansembe wa chipani cha Augustine Woyera ku Brno, ndipo zotsatira zake zidasindikizidwa mu 1866. Georges Lemaître, amene mu 1927 adasonyeza mwa masamu kuti thambo lonse likufutukuka, ganizo limene pambuyo pake lidakhala maziko a chiphunzitso cha Big Bang, adali wansembe wa ku Belgium. Lemaître sankafuna kuti masamu akewo azigwiritsidwa ntchito ngati umboni wa buku la Genesis. Ankadziwa kuti sayansi imafufuza momwe zinthu zimayendera, pamene funso lakuti n'chifukwa chiyani pali zinthu, ndiponso kuti moyo wathu ndi wa chiyani, silingayankhidwe m'chipinda choyezera.

Tisabisenso pamene tidalakwitsa. Mu 1633 bwalo la Mpingo lidaweruza Galileo Galilei chifukwa chophunzitsa kuti dziko limazungulira dzuwa. Mu 1992 Papa John Paul II adavomera poyera kuti akatswiri a zaumulungu a nthawi ija adalakwitsa. Tikuphunzirapo kuti Baibulo ndi sayansi zikaoneka ngati zikukangana, ndiye kuti penapake sitinamvetse bwino, mwina Malembo, mwina sayansiyo.

Kufunsa si tchimo

Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Amayi Maria, mngelo atawauza kuti adzabala mwana, adafunsa momwe zimenezo zidzachitikire, kenaka adavomera (Luka 1:34-38). Tomasi adakayika, koma adakhalabe pakati pa anzake, ndipo Ambuye adamupeza pomwepo namuonetsa mabala (Yohane 20:24-29). Choncho mwana akabwera ndi mafunso ovuta, tisamukalipire kapena kumunena kuti wagwidwa ndi ziwanda. Timumvetsere. Chimene sitikuchidziwa tivomere, ndipo tikafufuze limodzi kwa Bambo Mfumu, kwa akatekisiti kapena m'Katekisimu. Petro Woyera amatilangiza kukhala okonzeka kufotokoza chifukwa cha chiyembekezo chathu, mofatsa ndi mwaulemu (1 Petro 3:15-16). Ana ambiri sathawa chifukwa chosowa yankho. Amathawa chifukwa funso lawo lidanyozedwa.

Kutaya nzeru si chikhulupiriro

Kwa azakhali aja, kumbukirani kuti Satana adauza Yesu kuti adziponye pansi kuchokera pamwamba pa Nyumba ya Mulungu, ndipo adatchula ngakhale Malembo. Yesu adakana, chifukwa kumeneko n'kumuyesa Mulungu (Mateyo 4:5-7). Kutaya mankhwala kuti tione ngati Mulungu atichiritse ndi kudziponya komweko. Buku la Mphunzitsi Sira, mutu 38, limatiphunzitsa kupemphera tikadwala ndiponso kulemekeza sing'anga, chifukwa luso lake ndi lochokera kwa Mulungu. Timakhulupirira zozizwitsa, koma ngakhale ku Lourdes Mpingo suvomereza kuti wina wachira mozizwitsa madokotala asanaunike bwinobwino. Ngati mukuona kuti mwachira, thokozani Mulungu, pitani mukayezetse, ndipo dokotala ndiye anene za mankhwalawo.

Zokambirana ku mphakati

1. Ndi funso liti lokhudza chikhulupiriro limene mwakhala mukuopa kufunsa?
2. Mwana kapena mnzathu wa kuntchito akatifunsa chifukwa chimene timakhulupirira Mulungu, tingamuyankhe chiyani m'mawu athuathu?
3. Kodi mu mphakati mwathu muli wodwala amene wasiya mankhwala? Ndani akamuyendere sabata ino?

Tipemphere: Atate, mudatipatsa nzeru kuti tikufunefuneni ndi chikhulupiriro kuti tikupezeni. Tithandizeni kugwiritsa ntchito mphatso zonse ziwiri modzichepetsa, ndipo muwayandikire ana athu amene akukayika ndi abale athu amene akudwala. Tikupempha kudzera mwa Khristu Ambuye athu. Amen.