Phunziro: Chombo Chimanyamula Zimene Mwini Wake Wakweza



Misewu ya tara isanabwere, msewu waukulu wa dziko lino inali nyanja. Wofuna kumvetsa zimenezi apite ku Lake Malawi Museum, nyumba yosungiramo zinthu zakale imene ili pa boma la Mangochi, pafupi ndi mlatho wa pa Shire. Ophunzira, mukadzapita kumeneko, insha Allah, mudzatenge funso limodzi: chombo chilichonse chinanyamula chiyani, ndipo anakweza katunduyo ndani?

Mzinga wa Guendolen

Chapafupi ndi nyumbayi, pa nsanja ya wotchi, pali mzinga wochokera m'sitima ya Angerezi yotchedwa Guendolen. Mu Ogasiti 1914 sitimayi inaombera ndi kuononga sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, pa doko la Sphinxhaven, limene lero ndi Liuli ku Tanzania. Woyendetsa sitima ya Ajeremaniyo anali asanamve n'komwe kuti nkhondo yayamba ku Ulaya. Chombo ichi chinabweretsa nkhondo ya eni ake pa nyanja yathu.

Chikumbutso cha Vipya

Pomwepo palinso chikumbutso cha sitima ya Vipya, imene inamira ndi namondwe kumpoto kwa nyanja pa 30 Julayi 1946, ndipo anthu 145 anafa. Chombo ichi chinanyamula miyoyo. Okwera ndi amanah m'manja mwa woyendetsa. Nafenso tikamakakamira kukwera bwato lodzaza kale, kapena kuwoloka mwera ukuwomba, tikusewera ndi amanah yomweyo.

Zombo za Jumbe

Mbiri yachitatu ndi yakale kuposa sitima zonsezi, ndipo ikutikhudza ife Asilamu. Cha m'ma 1840, Salim bin Abdallah, Jumbe woyamba, anakhazikika ku Nkhotakota. Zombo zamatanga zinkawoloka nyanja, ndipo pa njira yochokera ku Kilwa ndi Zanzibar panabwera nsalu, mikanda, Chiswahili, kulemba kwa zilembo za Chiarabu ndi Chisilamu. Koma zombo zomwezo pobwerera zinkadzaza minyanga ya njovu ndi anthu ogwidwa ukapolo, amene akafika tsidya lija ankayenda pansi mpaka ku Kilwa. Ena mwa iwo anali ana a msinkhu wanu.

Tisabise mbali iyi. Qur'an, mu Surah Al-Baqarah ndime 164, imatchula zombo zoyenda panyanja pakati pa zizindikiro za Allah. Chombo ndi mtendere wochokera kwa Iye. Mlandu uli pa munthu amene anakwezamo mnzake womangidwa. Maphunziro amene mukulandira pano nawonso ndi chombo, ndipo mudzafunsidwa zimene munakwezamo.

Ntchito

1. Pezani Nkhotakota, Liuli ndi Kilwa pa mapu.
2. Funsani agogo anu zimene anamva za Vipya kapena za zombo zamatanga, mulembe tsamba limodzi.
3. Fotokozani tanthauzo la amanah kwa woyendetsa bwato kapena minibasi.

Makolo, ana akadzakufunsani, chonde musawabweze. Zimene mukudziwazo sizili m'nyumba ya zakale iliyonse.