Mwana Wosalankhula Chakudya Chikamamuvuta: Mayankho a Makalata Anu

MUULUTSI: Muno ndili ndi mayi mlangizi amene amathandiza ana ovutika kulankhula pamodzi ndi owalera. Makalata abwera ambiri, ndiye tingolowa m'nkhani. Yoyamba yachokera kwa mayi wina wa ku Ntcheu. Akuti: "Mwana wanga wamwamuna ali ndi zaka 5 koma salankhula, amangotchula timawu tiwiri titatu. Ine ndimagulitsa tomato ndi kabichi pamsewu, choncho masana amatsala ndi apongozi anga. Ndaona kuti akamwa tiyi wamkaka mimba imafufuma, amatsegula m'mimba, kenako amalira n'kumadzimenyetsa mutu kukhoma. Ndikawauza agogo akewo amati ndimamulekerera, amangochita dala. Ndichite bwanji kuti tisayambane?"

MLANGIZI: Zikomo bambo. Amayi a ku Ntcheu, ndiyambe ndi kukuyamikirani, chifukwa mwanayu mwamuonetsetsa. Mwana wolankhula m'mimba mukamupota amathamangira kwa amake n'kunena. Wanuyu ululu ndi womwewo, koma mawu ounenera alibe, ndiye amaunena ndi thupi. Kudzimenyetsa mutu kumeneko si mwano ayi. Ine ndikamva kuti mwana wosalankhula wayamba kudzivulaza, choyamba ndimafufuza pamene pakumupweteka.

Za mkakazo, mukuganiza m'njira yake. Mu mkaka muli shuga wachilengedwe wotchedwa lactose, ndipo matumbo amatulutsa chinthu china, lactase, chomugayira. Khanda limakhala nacho chambiri, n'chifukwa chake bere la mayi silivuta. Koma kwa anthu ambiri, makamaka kuno ku Africa ndi ku Asia, chimanka chichepa mwana akaleka kuyamwa. Shuga uja amangodutsa osagayika, akafika m'matumbo aakulu amatulutsa mpweya n'kukokanso madzi. Pakangopita theka la ola kapena maola awiri mimba imauma gwa ngati ng'oma, imalira, chimbudzi n'kutuluka chamadzi. Mwana amene wangochira kumene matenda otsegula m'mimba amathanso kuvutika ndi mkaka kwa masabata angapo, kenako n'kubwerera mwakale.

Komabe pa wailesi pano sindingagamule kuti vuto ndi mkaka basi. Njoka za m'mimba, kudzimbidwa, dzino lobooka, khutu lotuluka mafinya, zonsezi zimalizanso mwana chimodzimodzi. Gulani kope la kusukulu. Kwa masabata awiri muzilemba chimene wadya, nthawi yake, ndi zimene zachitika pambuyo pake. Kenako muchotsereni mkaka wokha kwa masabata awiri, china chilichonse chikhale mmene chinalili. Akapezako bwino, muyeseninso pang'ono, theka la kapu, muone ngati vuto libwerere. Kopelo mupite nalo kuchipatala pamodzi ndi buku lake la kusikelo. Ndichenjeze apa: ngati mkakawo umamutulutsa zidzolo kapena kumutupitsa milomo, musamuyese nokha kunyumba.

Mafupa ake asakudetseni nkhawa. Usipa, bonya ndi matemba, zimene timadya ndi minga yomwe, zimalimbitsa mafupa, ndipo bonongwe ndi mpiru zimathandizanso. Ambiri amene mkaka wamba suwayanja, chambiko pang'ono sichiwavuta, popeza kusasa kuja kumachepetsa shuga uja.

MUULUTSI: Nanga apongoziwo, mayi? Pamenepa ndiye pali nkhani.

MLANGIZI: Eetu. Agogo amenewa musawatenge ngati olakwa. Analera ana awo mpaka kukula, ndipo kwa iwo kumuthirira mdzukulu mkaka mu tiyi ndi chikondi chenicheni. Mukawauza kuti "musamupatse", iwo amamva kuti mukuti sadziwa kulera. Yambani mwakambirana ndi amuna anu, popeza mawu ena amalowa bwino akachokera kwa mwana wawo wobereka. Kenako apatseni agogowo udindo. Muwauze kuti, "Amayi, masana mwanayu amene mumamuona ndinu. Ndithandizeni kuyang'ana chimene chimamuliza." Patsiku lopita kuchipatala muwatenge, akamve okha kuchokera kwa anamwino. Ndipo musawasiye manja ali lende. Mukachotsa mkaka, siyani nthochi, thobwa kapena mbatata yophika, kuti akhalebe ndi chomusangalatsa nacho mdzukulu wawo.

Pali chinanso chimene ndikufuna omvera onse achigwire. Zimene mukudziwa za mwanayu, amayi, zili m'mutu mwanu mokha. Tsiku limene mudzagonekedwe m'chipatala kapena kupita kumaliro akutali, adzamumva ndani? Ku Scotland, katswiri wothandiza ana kulankhula, mayi Sally Millar a ku Edinburgh, anayambitsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 kabuku koyenda ndi mwana kulikonse, kofotokoza mmene iye amanenera zinthu. Ifenso titha kukapanga ndi mapepala anayi ndi ulusi. Kamalembedwa ngati akulankhula ndi mwanayo. "Ndikafuna madzi ndimakukokerani ku ndowa. Ndikagona chafufumimba pansi pozizira, m'mimba mukundipweteka. Ndikatseka makutu, phokoso landichulukira, nditengereni kuseri. Ndikakankha mbale kamodzi ndiye kuti n'chotentha, ndikakankha kawiri ndakhuta. Mkaka sundiyanja." Mawu ochepa, omveka, patsamba loyamba pakhale zakudya zoopsa kwa iye.

Agogo ngati sawerenga, tengani paketi ya mkaka yopanda kanthu, muilembe mtanda wofiira, muipachike kukhitchini pamene amasungira shuga. Mwanayonso mungamuphunzitse kupempha ndi zinthu zenizeni: kapu kutanthauza kumwa, supuni kutanthauza kudya, nsapato kutanthauza kuti tikuchoka. Muzimuonetsa chinthucho nthawi iliyonse n'kutchula liwu limodzi lomwelo, kenako mudikire. Kudikirako akuluakulufe kumatikanika. Werengani chamumtima mpaka 10 musanamuyankhire. Ndipo musaope kuti zizindikiro zimulepheretsa kulankhula, ayi, zimamuthandiza.

MUULUTSI: Kalata yachiwiri yachokera ku Mulanje, kwa mlezi wa pasukulu ya mkombaphala. Akuti: "Tili ndi mtsikana wa zaka 4 amene samva bwino ndipo salankhula. Amake anatiuza kuti nsinjiro zimamuwenga. Tsiku lina titamupatsa phala lotendera milomo inatupa, koma madzulo inaphwa. Anzanga akuti amakewo ndi matama chabe, mwanayo azolowera tikamamupatsa pang'onopang'ono. Kodi n'zoona?"

MLANGIZI: Achemwali, mwachita bwino kufunsa, ndipo ndiyankha mosapsatira. Musamupatsenso, ngakhale kansonga ka supuni. Vuto la mtsikanayu si lofanana ndi la mnyamata wa ku Ntcheu uja. Wa mkaka uja ndi matumbo amene akulephera kugaya. Zimapweteka, koma sizitseka mpweya. Uyu ndi chitetezo cha m'thupi mwake chimene chikulimbana ndi mtedza, ndipo kachidutswa kochepetsetsa kakhoza kuutsa thupi lonse. Kuti ulendo uja milomo inaphwa yokha sizikutanthauza kuti ulendo wina zidzateronso.

Zizindikiro zimabwera msanga, mphindi zochepa mpaka maola awiri: zidzolo zoyabwa, kutupa milomo ndi zikope, kusanza. Poti iye sanena, muziyang'ana manja ake. Akamakanda lilime, kugwira pakhosi, kapena kulavula chakudya chimene wangochilawa, musamukakamize kumeza. Mukaona lilime latupa, kulira kwasasa mawu, akupuma mobanika, kapena walefuka mwadzidzidzi, thamangirani naye kuchipatala nthawi yomweyo, osadikira amake abwere kumunda. Musamuyendetse wapansi, musamumwetse madzi, musamusanzitse. Mankhwala opulumutsa moyo pamenepa ndi jakisoni wa adrenaline wobaya pantchafu. Piriton amaziziritsa kuyabwa, koma khosi lotupa salitsegula.

Kukhitchini kwanuko chitani chonchi. Phala likapsa, muyambe mwamupakulira iye musanathire nsinjiro, ndi chipande chotsuka bwino, m'mbale yakeyake yodziwika mtundu. Mthiko umene wavundula phala lotendera usalowe mwake. Kumbukirani kuti mtedza umabisala mu ndiwo zotendera, mu futali, m'mabisiketi ena ndi mu chokoleti. Likuni Phala amapanga ndi chimanga ndi soya, komabe muziwerenga papaketi kapena pathumba. Makolonso adziwe kuti chiponde cha kuchipatala chija, chopatsa ana onyentchera, muli mtedza ndi mkaka waufa. Akadzapita kusikelo auziretu alangizi a zaumoyo, ndipo apemphe kuti adokotala alembe za ziwengozi m'buku la mwanayo.

Ana anzakenso auzeni. Ana amagawana, ndi khalidwe labwino limene tinawaphunzitsa tokha. Muwauze kuti mnzawoyu angamugawire nthochi kapena chimanga, koma mtedza umamudwalitsa. Mudzaona, ana a zaka 5 amasunga lamulo limeneli kuposa akuluakulu.

Za makutu akewo, amake asangokhala. Ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre kuli gawo loyeza makutu, ndipo bungwe la anthu osamva la MANAD limalimbikitsa chinenero chamanja cha kuno kwathu. Mtsikanayu akadziwa zizindikiro zisanu zokha, za kudya, kumwa, kupweteka, kukana ndi chimbudzi, ntchito yanu ipepuka kwambiri.

MUULUTSI: Uthenga uwu wabwera pa WhatsApp kuchokera kwa bambo amene akugwira ntchito ku Johannesburg, banja lili ku Mangochi. Akuti: "Mwana wathu anamupeza ndi autism. Amangodya nsima, buledi ndi tiyi. Ndawerenga pa Facebook kuti tikamuletsa tirigu ndi mkaka achira n'kuyamba kulankhula. Ndayamba kusunga ndalama zogulira ufa wapadera ndi mankhwala a m'mabotolo amene akutsatsa. Kodi nditumize?"

MLANGIZI: Bambo, mtima wanu ndaumva. Muli kutali, mukufuna kuchitapo kanthu, ndipo otsatsa malonda amadziwa bwino lomwe kuti kholo lotere lipereka chilichonse. Ndalamazo sungani. Ofufuza sanapeze umboni wokhutiritsa woti kuchotsa tirigu ndi mkaka kumachiza autism. Alipo ndithu matenda ena, coeliac, amene chinthu cha mu tirigu chotchedwa gluten chimawononga matumbo, mwana n'kumatsegula m'mimba, kuchepa magazi ndi kupinimbira. Amenewo amayezedwa ndi madokotala, ndipo kuyezako kumafuna kuti mwana akhale akudyabe tirigu. Atapezeka nawo, ufa wodula wa ku Johannesburg sungafunike, popeza mu chimanga, mpunga, chinangwa, mbatata, mapira ndi mawere mulibe gluten.

Chimene chikundidetsa nkhawa ine n'china. Mwanayu amadya zinthu zitatu zokha, ndiye mukachotsapo buledi atsala ndi chiyani? Ana ambiri a autism amakana chakudya chifukwa cha fungo, mtundu, kapena mmene chikumvekera m'kamwa. Therere loterera kapena nyemba zosakanikirana ndi msuzi zikhoza kumunyansa zenizeni, osati mwamatama. Amake aziika kachidutswa ka chakudya chatsopano m'mbale ina pambali, osakhudzitsa nsima yake, tsiku ndi tsiku, popanda kukalipa. Akachiyang'ana, akachigwira, akachinunkhiza, kumeneko ndi kupita patsogolo. Ayambire pa zofanana ndi zimene amakonda kale, monga mbatata yoyera kapena dzira lowiritsa. Cholinga ndi kufikira pang'onopang'ono magulu 6 a zakudya amene a zaumoyo amatiphunzitsa. Ayang'anenso chimbudzi chake, chifukwa ana odya chonchi amadzimbidwa kawirikawiri, ndipo mwana wodzimbidwa sagona, sadya, amangolusa.

Ndalama zija zikhale za mazira, usipa ndi thiransipoti yopitira kuchipatala. Amake afunsenso za bungwe la makolo a ana olumala la PODCAM, akakumane ndi anzawo amene akudutsa m'zomwezi. Kusukulu afunse ngati kuli mphunzitsi wa ana ofunika chithandizo chapadera, monga amene amaphunzitsidwa ku koleji ya Montfort ku Chiradzulu. Inunso bambo, mukaimba foni yoonana nkhope, muzimulankhula mwanayo ngakhale asayankhe.

MUULUTSI: Nthawi yatithera, koma pali kauthenga kafupi kochokera kwa azakhali a mwana wina ku Kasungu. Akuti mwanayo khosi silinalimbe chibadwire, salankhula, ndipo akamamwa madzi kapena phala lamadzimadzi amatsamwa n'kutsokomola. Akufunsa ngati chimanga chikumuwenga.

MLANGIZI: Azakhali, chimanga chilibe mlandu. Zikumveka kuti vuto ndi kumeza, ndipo limachitika kawirikawiri kwa ana amene ubongo unavulala pobadwa kapena ndi malungo aakulu. Chakudya chikalowera njira ya mpweya chimakafika m'mapapo, mwana n'kumadwala chibayo mobwerezabwereza. Musamudyetse atagona chagada, ndipo musamutsanulire phala m'kamwa ndi dzanja. Mukhazikeni tsonga pamiyendo panu, mutu uli chilili, chibwano chitaweramira pang'ono pachifuwa. Supuni ikhale yaing'ono, phala likhale lolimbirako ndi losalala, lopanda mibulu, ndipo dikirani ameze musanamupatse lina. Akatembenuza nkhope kapena maso akalengeza misozi, imani kaye. Akatha kudya akhalebe tsonga kwa theka la ola. Sabata ino yomwe pitani naye kuchipatala cha boma, mukapemphe kuonana ndi a mafizo, ndipo mutenge phala ndi supuni yake kuti akaone ndi maso awo mmene amamezera.