Msana Ukagwira, Musathamangire Mphasa

Inu eni makomo a ku Migowi, ku Chiringa ndi m'tsinde monse mwa phiri la Michesi, ndayenda m'midzi mwanu madzinja ambiri, ndipo chimene chandiwawitsa mtima koposa zonse ndi ichi: bambo msana ukawagwira pounga mizere, kapena mayi akamva kulasa m'chiuno potula mtolo wa nkhuni, banja lonse limawayalira mphasa, kuwamanga nsalu yothina m'chiuno, ndi kuwaletsa ngakhale kutuluka pakhonde, kufikira masabata atatu atha, chimanga cha anzawo chitamera kale.

Chifundo chinapha nkhwali. Mnofu wogona umafota, mfundo zimauma monga khasu loiwalidwa pamvula lichita dzimbiri, ndipo tsiku limene wodwalayo adzadzuka, ululu udzamlandira wochuluka kuposa poyamba. Pamenepo iye adzati msana wathyoka, nadzabwerera kumphasa ndi mantha, ndipo manthawo ndiwo adzamgoneka chaka chathunthu. Madokotala a mafizo, atafanizira odwala ogona ndi odwala oyenda, anapeza kuti oyendawo ndiwo amachira msanga, ndi kuti misana yambiri imapepuka yokha masabata 6 asanathe. Mu 2023 bungwe la World Health Organization linalangiza kuti wodwala msana kwa nthawi yaitali azilimbitsa thupi, ndipo malamba omanga m'chiuno silinawavomereze. Nanga inu mwaimangiranji nsalu ija?

Ululu ukakula, pumulani tsiku limodzi kapena awiri, osapitirira. Kenaka dzukani, thowani msana ndi kansalu ka madzi ofunda, yendani mpaka pachitsime ndi kubwerako, mawa muwonjezere mtunda. Kumunda bwererani ndi mizere iwiri, mukumaweramuka kawirikawiri. Kuwawa pang'ono poyenda sikutanthauza kuti mwadzivulaza.

Bondo la nyamakazi nalonso limadana ndi kukhala. Agogo akhale pampando, awongole mwendo, awerenge mpaka 5, autsitse, kakhumi m'mawa ndi madzulo, chifukwa mnofu wa pantchafu ndiwo umasenza katundu amene bondo lalephera.

Koma pali zizindikiro zimene sizifuna kuyendayenda kapena kuthowa. Miyendo ikayamba kufooka, dzanzi likagwira pakati pa miyendo, mkodzo kapena chimbudzi zikamatuluka zokha ngakhale kukanika, msana ukamawawa usiku pamodzi ndi kutentha thupi, thukuta ndi kuwonda, pakuti TB imalowanso m'mafupa a msana, kapena bondo likatupa ndi kutentha, kaya munthu wagwa panjinga ndipo akulephera kuponda, mtengeni tsiku lomwelo mupite naye kuchipatala cha Holy Family kapena cha boma chimene muli nacho pafupi.