Kudzimangira wotchi yachikale ya osambira pansi pa madzi: kusankha zida zogwirizana

Blancpain Fifty Fathoms ndi Rolex Submariner zinabadwa mu 1953, Omega Seamaster 300 mu 1957, ndipo Seiko inatulutsa wotchi yake yoyamba ya osambira pansi pa madzi, yodziwika kuti 62MAS, mu 1965. Wotchi zimenezi n'zokongola mpaka lero chifukwa chilichonse pa izo chinali ndi ntchito: zizindikiro zikuluzikulu zowala mumdima, mivi yonenepa, ndi mkombero wozungulira wowerengera mphindi zimene munthu wakhala pansi pa madzi. Zenizenizo tsopano zimagulidwa ndalama zoti munthu wamba sangazilote n'komwe. Koma munthu wodekha, wa manja osanjenjemera, angathe kumanga yofanana nazo patebulo la kunyumba pogula zida chimodzichimodzi.

Zida zambiri zimayitanitsidwa pa intaneti kuchokera ku China, Hong Kong ndi Singapore, ndipo zimatenga masabata kuti zifike. Mukaphonya ndi kachigawo kakang'ono ka milimita, ndalama zapita ndipo mudikiranso. Choncho musayambe ndi kusirira zithunzi. Yambani ndi makina a mkati, chifukwa ndiwo amalamula kukula kwa china chilichonse.

Kwa woyamba kumene, ine ndimalimbikitsa makina a Seiko otchedwa NH35. Ndi otsika mtengo, olimba, amadzichuna okha mkono ukamayenda, amalolanso kuchunidwa ndi dzanja, ndipo akadzaza amayenda pafupifupi maola 41. M'mimba mwake ndi mamilimita 27.4, kuchindikala kwake 5.32. Chachikulu n'chakuti zigoba, nkhope ndi mivi zopangidwira makina amenewa n'zambirimbiri. Alipo abale ake: NH36 imaonetsa deti pamodzi ndi tsiku la sabata, pamene NH38 ilibe deti. Ngati mukutsata maonekedwe a Submariner kapena Fifty Fathoms zoyambirira, zomwe zinalibe kazenera ka deti, tengani NH38. NH35 imagwirabe ntchito pansi pa nkhope yopanda kazenera, koma mukamakoka korona, kachitsulo kochunira wotchi, mudzapeza poima pamodzi popanda ntchito, ndipo pakati pa usiku deti yobisikayo idzakhala ikutembenuka mosaoneka.

Makina ena otchuka ndi ETA 2824-2 ya ku Switzerland ndi mnzake wofanana naye muyeso, Sellita SW200, komanso Miyota 8215 ya ku Japan. Onsewa ndi abwino, koma sabwerekana zida ndi Seiko. ETA ndi ya mamilimita 25.6 m'mimba mwake ndi 4.6 kuchindikala. Ikalowa m'chigoba cha NH35 imagwedera, ndipo kachitsulo kopita ku korona sikalunjika pabowo lake. Wogulitsa akalemba kuti chigoba chake chimalandira makina amitundu itatu nthawi imodzi, mufunseni ngati akutumiza mphete yogwirizira makina anuwo, ndipo akuonetseni chithunzi chake.

Mukasankha makina, chotsatira ndi chigoba, ndipo funso loyamba ndi lakuti korona ali pati. Pa 62MAS ali pa 3 koloko. Pa Seiko 6105-8110, imene Martin Sheen anavala mufilimu ya Apocalypse Now, ali cha pa 4. Pa Seiko SKX007, yomwe inatuluka mu 1996 ndipo ambiri amatengerapo miyeso, ali pang'ono kuti afike pa 4, malo amene ogulitsa amalemba kuti 3.8. Nkhaniyi ndi yofunika chifukwa kuseri kwa nkhope ya wotchi kuli timiyendo tiwiri tating'ono tolowa m'mabowo a makina. Timiyendo ta korona wa pa 3 tikalowa m'chigoba cha korona wa pa 3.8, nambala 12 imapendekera kumbali, wotchi yonse n'kuoneka ngati chipewa chovalidwa mokhota. Nkhope zambiri zogulitsidwa padera zimabwera ndi timiyendo tinayi kuti mudule tiwiri tosafunika. Musanadule, igonekeni nkhopeyo pamakina, muone bwino tiwiri timene talunjika pamabowo, mutilembe chizindikiro. Kamwendo kakaduka sikabwerera. Potsala chitsa, palani ndi tupa wosalala mpaka pafanane, apo ayi chitsacho chidzakanda gudumu la deti. Amene asankha NH36 aonetsetsenso kuti gudumu la masiku a sabata ndi la korona wa malo omwewo, chifukwa likasiyana, dzina la tsiku limaima mopendekera pakazenera.

Nkhope ya zigoba za mtundu wa Seiko kawirikawiri imakhala ya mamilimita 28.5. Zigoba zina zotengera Submariner zimafuna yokulirapo, choncho werengani bwino zimene wogulitsa walemba. Zina zimafunanso kamphete ka mizere ya mphindi kokhala pakati pa nkhope ndi galasi. Kakasowa, nkhope imasewera mkati.

Pa mivi ndi pamene ambiri amagwa, chifukwa ndi maso yonse imaoneka yofanana. Muvi uliwonse uli ndi bowo lolowa mothina pamsonga yake. Pa NH35, bowo la muvi wa maola ndi pafupifupi mamilimita 1.50, wa mphindi 0.90, wa masekondi 0.20. Pa ETA 2824-2 iwiri yoyambayo ikufanana, koma wa masekondi ndi 0.25, ndipo pa Seiko umangogwa. Pa Miyota 8215 wa mphindi ndi 1.00, wa masekondi 0.17. Kusiyana kumeneku sikuoneka popanda galasi lokulitsa, koma n'kokwanira kuti muvi ukane kulowa kapena uthothoke wotchi ikangogunda pachitseko. Onaninso utali: muvi wa mphindi ufike pamizere ya mphindi osapitirira, ndipo wa maola usakhudze zizindikiro zotukuka za pankhope.

Ndikofunikanso kuti utoto wowala mumdima ufanane. Wotchi zakale zinkagwiritsa ntchito radium, kenako tritium, ndipo utotowo unkachita chikasu pokalamba. Masiku ano opanga zida amatsanzira mtundu umenewo ndi utoto wosaopsa, koma chikasu cha wogulitsa uyu si chikasu cha uyo. Mivi yoyera mbee pankhope ya zizindikiro zachikasu imaonekera patali kuti zinachokera kosiyana. Gulani nkhope, mivi ndi kadontho ka pamkombero kwa munthu mmodzi. Ndipo mukapeza nkhope yeniyeni ya zaka za m'ma 1950, musaipale kapena kuipemerera. Radium siitha mphamvu ngakhale italeka kuwala, ndipo fumbi lake ndi loopsa likalowa m'thupi.

Galasi ndi mkombero zimasankhidwa pamodzi. Pa SKX007 galasi ndi la mamilimita 31.5, ndipo mphete ya manambala yomatidwa pamkombero ndi ya 38 kunja kwake. Mphetezi zilipo zafulati ndi zotsetsereka, ndipo bowo la yotsetsereka ndi locheperapo, motero imafuna galasi lopangidwira iyo. Mukasakaniza, mkombero umakhula pagalasi kapena pamatsala mpata wosunga mchenga. Pofuna maonekedwe achikale enieni, sankhani mphete ya aluminiyamu osati ya ceramic yonyezimira, ndi galasi lotukuka pakati. Wotchi zoyambirira zinali ndi galasi la pulasitiki yolimba. Limakandika msanga koma limapukutika n'kuwalanso, ndipo kuwala kwake n'kofewa. La sapphire silikandika wamba, koma limayenera chigoba chopangidwira ilo, chifukwa magalasi awiriwa amagwiridwa mosiyana. Njira yosavuta ndi kugula chigoba chobwera kale ndi galasi, mkombero, korona ndi chotsekera kumbuyo. Mazinga a korona ayenera kugwirizana ndi a kapaipi ka pachigoba, ndipo zimenezi n'zovuta kuzipeza padera.

Pankhope pasakhale dzina la Rolex, Omega kapena la kampani ina imene sinapange wotchiyo. Kutengera kapangidwe kakale n'chinthu china, kunamiza n'chinthu chinanso. Katundu wa dzina lachinyengo angathe kulandidwa pachipata cholowera m'dziko, ndipo tsiku lina wotchiyo ikadzasintha manja, wina adzaberedwa nayo. Nkhope zopanda dzina zilipo zambiri ndipo n'zaudongo.

Pomanga, pukutani tebulo, tsekani mawindo, manja akhale oyera. Mukaika nkhope, zunguzani korona pang'onopang'ono mpaka deti itadumpha kuti thi, ndipo pomwepo ikani muvi wa maola ndi wa mphindi pa 12. Mukatero deti izisintha pakati pa usiku, osati masana. Yang'anani cham'mbali ndi galasi lokulitsa: mivi itatuyo igone mosanjikizana, pakati pake pakuoneka kampata, ndipo muizungulitse maola khumi ndi awiri kuti muone ngati ikukodana.

Kachitsulo kolumikiza korona ndi makina kamabwera kakatali dala, kuti mudule nokha. Pa NH35 kamachoka mukadina pang'ono kadontho ka kachitsulo kamene kamaonekera pambali pake korona ali mkati. Dulani kakatalikirapo, yesani, palani ndi tupa, yesaninso. Kakatalika, korona samanga mpaka kumapeto ndipo madzi amapeza njira. Kakafupika, simungathe kuchuna, ndiye n'chanzeru kuyitanitsa tiwiri kapena titatu nthawi imodzi. Timalabala ta pakorona ndi pachotsekera kumbuyo tipakeni girizi wa silicone pang'ono chabe, osati mafuta a makina osokera kapena odzola, amene amafewetsa labala.

Lamba muyeze pakati pa nyanga za chigoba: SKX007 ndi mamilimita 22, zigoba zing'onozing'ono zambiri ndi 20. Lamba wa labala wa timabowo kapena wa nsalu wodutsa pansi pa wotchi amayenera maonekedwe achikale, ndipo wansaluyo amaigwirabe wotchi ngakhale kachitsulo kamodzi ka panyanga katathyoka.

Mawu oti mamita 200 olembedwa pankhope sateteza kanthu. Muyeso wa ISO 6425 umafuna kuti wotchi ya osambira pansi pa madzi ipirire mamita osachepera 100 ndipo iyesedwe, pamene yanu palibe waiyesa. Musanaike makina, tsekani chigoba chopanda kanthu muli kapepala kofewa, muchimize mundowa usiku wonse. Kapepala kakanyowa, pali potayikira. Kenako chifunditseni pang'ono padzuwa, mudonthezere madzi ozizira pagalasi, mupukute pakapita mphindi imodzi. Nthunzi ikaoneka mkati, chinyezi chalowa. Mayeso awiriwa amangogwira zibowo zazikulu. Musanapite nayo kukasambira ku Cape Maclear kapena ku Nkhata Bay, ipititseni kwa wokonza mawotchi amene ali ndi makina oyesera mphamvu ya madzi, ndipo muziiyesetsanso nthawi iliyonse imene mwatsegula kumbuyo. Ngati mukumira ndi mabotolo a mpweya, nthawi yanu iwerengedwe ndi chipangizo chopangidwira ntchito imeneyo, wotchi yanuyi ingokhala yothandizira.