Khoti Likathetsa Banja la Msilikali

Banja la msilikali likatha ku khoti, pamakhala zovuta zina zimene mabanja ena sakumana nazo, chifukwa nyumba, malipiro ndi dera lokhala zonse zimatsata ntchito ya usilikaliyo. Chigamulo cha khoti sichidzifikitsa chokha ku maofesi. Mwiniwake ayenera kutenga chikalata chodindidwa ndi khoti, kuchita mafotokope angapo, ndi kusungitsa imodzi kwa mbale wodalirika.

Nkhani yofulumira ndi ya nyumba. Nyumba za ku Kamuzu Barracks ku Lilongwe, Cobbe ku Zomba kapena Moyale ku Mzuzu ndi za boma, ndipo munthu amakhalamo chifukwa cha ntchito. Khoti silingazigawe ngati katundu wa banja. Choncho amene si msilikali, kawirikawiri mayi ndi ana, afunse akuluakulu a pa baraki nthawi imene akupatsidwa kuti asamuke, ndipo asanatuluke atenge makalata osamutsira ana sukulu, mabuku awo a kuchipatala ndi zitupa za kubadwa. Katundu amene awiriwa anapeza limodzi ndi nkhani ina: gawo 24 la Malamulo Aakulu a dziko lino limapatsa mayi ufulu wogawiridwa mwachilungamo.

Pa chithandizo cha ana m'pamene ambiri amapunthwa. Lamulo loteteza ana la 2010 limati udindo wolera ndi wa makolo onse awiri, banja lilipo kapena latha. Koma msilikali sakhalitsa malo amodzi. Mawa akhoza kusamutsidwira ku Mzuzu, kapena kutumizidwa kunja kukasungitsa mtendere, monga asilikali athu akhala akupitira ku Democratic Republic of Congo. Lonjezo la pakamwa loti "ndizitumiza pa foni" limazilala msanga munthu akakhala kutali. N'kwanzeru kupempha khoti kuti ndalamazo zizidulidwa ku malipiro n'kulowa ku akaunti ya amene akusunga ana, ndipo akauntiyo ikhale ya iye yekha. Wosowa ndalama ya loya apite ku Legal Aid Bureau. Masiku oonana ndi ana nawonso alembedwe moganizira tchuthi cha msilikaliyo, kuti ana asamve ngati kholo lawo lawataya.

Msilikali naye ali ndi ntchito ku ofesi yosunga mafayilo: aonenso dzina la wachibale wodziwitsidwa pakagwa zovuta, alembetse ana onse, ndipo alembe wilu yatsopano. Ntchito iyi ndi yoika moyo pachiswe, ndipo fayilo yakale imayambanitsa abale pa maliro, ana n'kutsala manja lende.

Kwa Akatolika, khoti limathetsa ukwati wa ku boma, osati sakramenti. Komabe Katekisimu, pa nambala 2383, imavomereza kuti kulekana ku khoti si tchimo ngati ndiyo njira yokhayo yotetezera ufulu wa munthu, ana kapena chuma chawo. Wolekana amene sanalowe banja lina saletsedwa kulandira Ukaristia chifukwa cha kulekanako, ngakhale ambiri amadziletsa okha ndi manyazi. Amene akukayika ngati ukwati wake unali woona kuyambira pachiyambi akambirane ndi bambo mfumu, amene angamulozere ku bwalo la Mpingo loona za maukwati. Papa Francis anafewetsa ndondomeko yake mu 2015. Ndipo wosamuka pa baraki atenge kalata ya ku parishi, akalembetse ku mphakati wa kumene wapita.